Tepi Imene Wabisa Pansi pa Zitenje

Rufunsa,
Lachisanu masana.

Nelia mwana wanga,

Lero ndatseka vidiyo kuti ndikulembere, ndipo madalaivala akhala akugogoda chitseko ngati ndawabisira m'bale wawo. Agogode. Mawa ukwatiwa, mkuja ukwera basi ya ku Kabwe ndi ba Eliyasi, ndipo pakati pa alangizi, ophika ndi azakhali ako sindipeza mpata wokhala nawe pansi. Alangizi akuuza zawo, za madzi osamba ndi za kugwada. Ine ndikuuza chimene iwo sachidziwa, chimene chingakugwetsere nyumba mwezi usanathe.

Ndaona chimene waika m'thiranki. Sindinkafufuza ayi, amako ndiwo anandituma kuti ndikhalire chivundikiro chitsekeke, ndiye chinakana. Pansi pa zitenje pali tepi ija ndinailemba ndekha ndi bolopeni yofiira kuti Mkwatibwi wa Kumanda. Maganizo ako ndikuwadziwa, poti ndiwe mwana wanga. Ukufuna mukangofika, mukangolumikiza deki imene anzawo a kugalaji akupatsani, uwakhazike pansi amuna ako, uwaonetse, uone mmene adzalumphire. Nelia, usachite zimenezo.

Ba Eliyasi ndi mwamuna weniweni. Ndinawaona ndi maso angawa akutulutsa njoka mu injini ya lole ndi sipanala, osaphethira n'komwe. Koma ukukumbuka tsiku lija unawakokera mu vidiyo yanga. Mu filimumo dzanja litangotuluka m'dothi, iwo anaimirira nati, “Ba tate, nimvela monga kuli lole yamene yavuta panja.” Panja panalibe lole yovuta. Anakalowa pansi pa lole yabwinobwino ya eni ake n'kukhala komweko mpaka filimu inatha, mwini lole akudabwa kuti makanika ameneyu wamutuma ndani. Iwe unaseka mpaka misozi, ndipo unakauza anzako a kwaya. Ine sindinaseke, chifukwa njira imeneyo ndinaiyenda kale ndi amako, ndipo ndikudziwa kumene imathera.

Zambiri mwa izi zinkachitika iwe uli kusukulu yogonera konko, ndipo ukabwera pa holide unkapeza zonse zitaphimbidwa bwino. Atatichotsa ntchito ku Lusaka, anzanga ena anayamba nkhuku, ena kugulitsa zovala zakale za salaula. Ine ndinagula TV, deki ndi kajenereta, n'kumanga chisakasa chathu chija m'mbali mwa msewu, mazenera n'kutseka ndi masaka. Ntchito yanga ukuidziwa, kuima pambali pa TV ndi kuuza anthu m'Chinyanja zimene azunguwo akunena. Chizungu changa sichifika ku Lusaka, chimangofika pa Chongwe n'kubwerera, koma palibe anadandaulapo. Mafilimu a nkhonya ankadzaza mabenchi, koma ine mtima wanga unali pa a mizukwa, ndipo ndinkafuna kuti mkazi wanga awakonde monga ine.

Ndinayambira tepi yomweyo uli nayoyo. Amako anali asanalowepo mu vidiyo, ankati ndi malo a anthu osowa chochita. Ndinawanyengerera, anakana. Kenako ndinati ndi filimu ya ukwati, muli diresi loyera ndi keke. Ukwati ulimodi, koma sindinawauze kuti mkwatibwi amwalira keke isanadulidwe. Anasamba, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kukhala benchi ya kutsogolo ndi mbale ya nsawa zokazinga. Poyamba ankayamikira, amvekere, “Koma mtsikanayu amusokera bwino.” Pamene manda anayamba kung'ambika, amako sanakuwe. Anaimirira, anagenda TV ndi mbale ija, n'kudutsa pamwamba pa mabenchi onse osaponda pansi mpaka panja. Kabala kaja kali pakona pa TV, kamene ndinkakuuzani kuti kanachitika pa basi, ndi ka mbale imeneyo.

Kuyambira pamenepo nyali sinkazima m'nyumba, ndipo kukangoda, ulendo wa kuchimbudzi unali wa anthu awiri. Ine ndinkaima panja ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi kuti adziwe kuti sindinachoke. Ndikasiya pang'ono kuti ndimeze malovu, ndinkamva, “Atate ake Nelia, mwapita?” Anthu oyandikana nafe ankayesa ndabadwanso mwatsopano, mpaka abusa a pa msewu anadzandifunsa ngati ndikufuna kulowa kwaya yawo. Choncho, mwana wanga, usawanamize amuna ako. Uwauze kuti mu filimumo muli zoopsa, uwauzenso pamene zoopsazo zili, kuti akafuna kuyang'ana kudenga ayang'ane nthawi ikadalipo.

Patapita miyezi ndinayesanso, ndipo ndinkati tsopano ndachenjera. Ndinasankha yofatsa, ya nyumba yakale imene zitseko zimadzitseka zokha, mulibe magazi, mulibe wakufa woyenda. Ndinawauza zonse asanalowe, ndipo anavomera kukhala pafupi ndi khomo. Chinandigwetsa ndi pakamwa pangapa. Ukudziwa kuti pomasulira ndimapatsa azungu mayina akwathu kuti anthu asasokonezeke, uyu ndi Tembo, uyu ndi amake Tembo, apa ndi pa chigayo. Ndiye tsiku limenelo, mabenchi atadzaza amayi ochokera kumsika, ndinati nyumba imeneyo ndi chinyumba chogumuka chija chili panjira ya kumjigo, ndipo mayi woyera amene amasuzumira pazenera amadikirira otunga madzi. Anthu anasangalala, ena anaombera m'manja. M'mawa mwake panalibe mzimayi ndi mmodzi yemwe amene anadutsa njira imeneyo. Ena ankazungulira kumbuyo kwa sukulu, ena anangosiya ndowa pakhomo n'kuuza amuna awo kuti akafunse kwa mwini vidiyo. Amako anangondiikira zigubu pa njinga. Ndinatunga madzi nyengo yonse yotentha, athu ndi a makomo ena atatu, ndipo kumjigo amuna anzanga ankandipatsa moni ndi maso okhaokha.

Mva bwino pamenepa, Nelia, chifukwa pakamwa pako ndi panga. Mizukwa ya azungu uisiye kwawo kumene kumagwa chisanu choyera. Usanene kuti khomo limenelo likufanana ndi la kubafa kwanu, kapena kuti nkhalambayo ikunga eni nyumba imene mukachite lendi. Filimu imatha, koma kubafa adzafunika kupitako tsiku lililonse.

Panalinso nthawi imene ndinkaganiza kuti mantha ndi umbuli, kuti munthu ukamulongosolera amasiya kuopa. Ndinawakhazika pansi amako ngati aphunzitsi, ndinati, “Amake Nelia, magazi mumaona aja si magazi, ndi tomato wosinja. Zamkati zija ndi matumbo a mbuzi, amagula kubutchala.” Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, “Chabwino, ndamva.” Madzulo ake ndiwo zinabwera zoyera mbee. Mawa lake chimodzimodzi. Nditafunsa, anati akangodula tomato amaona khosi la munthu. Matumbo a mbuzi, amene ukudziwa kuti ndimawakonda kuposa nyama yeniyeni, sanalowenso mumphika wa m'nyumba muno mpaka Khirisimasi, ndipo ndinkakadyera pa kanyenya wa pa siteshoni mobisala ngati wakuba. Ba Eliyasi akudziwa kale kuti zonsezo n'zopanga, si mwana. Mutu umadziwa, koma miyendo ili ndi nzeru zake, ndiye usawavutitse ndi maphunziro.

Tsopano ndifike pa chachikulu, ndipo apa ukhale pansi. Zonse ndanenazi amako anandikhululukira, nthawi zina ankaziseka okha. Koma ine ndinayamba kuzisandutsa nkhani yokometsera vidiyo. Jenereta ikazima, anthu akudikira, ndinkawasangalatsa ndi kuyerekeza mmene amake Nelia anadutsira pamabenchi, chitenje m'manja. Madalaivala ankaseka mpaka kugwa, ndipo nkhaniyo inakwera malole, inafika ku Nyimba, inafika ku Lusaka. Tsiku lina amako akugula kapenta pamsika, kondakitala wina wosawadziwa n'komwe anawaloza nati, “Ndiye aba ba mayi bamene banamenya TV?” Msika wonse unaseka. Nditabwera kunyumba ndinapeza moto wozima, ndipo chikwama chawo sichinali pamsomali. Anali atapita kwa achimwene awo ku Shikabeta, amalume ako a Zuze.

Ndinatenga nkhoswe yanga, a Lungu a pa chigayo, n'kulondola. Amalume ako ukuwadziwa, mlenje wakale, munthu amene amati anayang'anizana ndi njati m'chigwa, njatiyo n'kuyamba ndiyo kuphethira. Anatikhazika pansi pa mtengo, akuluakulu ena atazungulira.

“Alamu, mwamumenya mlongo wanga?”

“Iyayi.”

“Mwapeza mkazi wina?”

“Iyayi.”

“Mumamumana chakudya?”

Ndinafuna kunena za tomato, koma a Lungu anandiponda phazi. Ndinafotokoza za vidiyo, ndipo akuluakulu anayang'anizana. Amalume ako anati mlandu sungaweruzidwe woyambitsa wake asanaoneke, ndipite ndikatenge chinthucho achione okha. Ndinabwerera kuno, ndinapempha malo pa kavaneti ka wogula chimanga, ndipo TV, deki ndi jenereta zinatsika msewu uja wa miyala nditazikumbatira.

Tinaika m'khitchini ya udzu, dzuwa lili paliwombo, pakhomo titatchinga bulangeti. Amalume ako anakhala kutsogolo manja atapinda, akuseka. Amvekere, “Mzimayi wamkulu, wa ana akeake, kuthawa kabokosi aka?” Ine sindinamasulire n'komwe. Pamene mkwatibwi uja anatembenuza mutu n'kuyang'ana ife, amalume ako anati akukaona mbuzi. Khomo sanalipeze. Anatulukira pakhoma la udzu, n'kusiya bowo loti ng'ombe ikhoza kudutsa, ndipo akuluakulu ena onse anadzera pomwepo. Chigamulo chinachokera kuseri kwa nkhokwe. Anati mlongo wawo alibe mlandu, ndipo chinthu changacho chichoke m'mudzimo dzuwa lisanalowe.

Ine ndinayamba kuseka, ndikuti apa ndapeza nkhani ina ya madalaivala. Ndipamene amako anayankhula. Anati, “Atate ake Nelia, ine sindinathawe mkwatibwi uja. Ndinathawa inu. Ndinakuonetsani mantha anga poti ndinu mwamuna wanga, inu mwakawayala pamsewu kuti aliyense wodutsa atoleko.” Kuseka kunandithera pomwepo. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinaopa kuti sabwereranso. Anabwera patapita masabata, mwa kufuna kwawo, ndipo za bowo la amalume ako sindinauzepo munthu mpaka lero lino. Iwenso usakawafunse mawa pa ukwati.

Nelia, wayamba kale kuyenda njira imeneyi. Anzako a kwaya akudziwa za lole ija, ndipo ndawamva akunong'onezana ba Eliyasi akamadutsa. Iwo amangomwetulira poti ukwati sunachitike, koma mumtima zimawawa. Ku Kabwe akukayamba ntchito pa galaji yatsopano, pakati pa amuna amene sakuwadziwa. Ukakangouza mkazi mmodzi wa makanika, mawa lake galaji yonse izikawaitanira pansi pa malole. Mwamuna amene wasekedwa ndi mkazi wake sathawira ku Shikabeta monga amako. Amakhala momwemo m'nyumba, koma sadzakuonetsanso chimene chikumuopsa, kaya ndi filimu, kaya ndi matenda, kaya ndi ntchito imene ikutha. Zimene waona m'nyumba mwako zithere m'nyumba mwako.

Sindikuti usiye mafilimu ako. Ndinakulera ine, ndikudziwa kuti sungathe. Ndikuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Yamba ndi aja a mzukwa wopusa, umene umafuna kuopseza anthu koma n'kumapunthwa pa ndowa, kuti aseke kaye ali pafupi ndi chinthu chakufa. Akazolowera, pita ku a zilombo, ng'ona yaikulu kapena njoka yomeza anthu. Amenewo sadzawaopa kwambiri, adzakhala akutsutsa kuti ng'ona ya ku Luangwa sichita choncho, ndipo munthu amene akutsutsa saopa. Kenako aja akalekale opanda mitundu, amene mleme wake umaoneka ulusi umene aumangira. Mwa amenewa ndakuikira atatu m'katoni ya mapoto, ndawalemba ndi bolopeni yobiriwira.

Muzionera masana, chitseko chili chotsegula, ana a eni nyumba akusewera panja. Mawu uzitsitsa, chifukwa mantha ambiri amalowera kukhutu, ndipo mzukwa wopanda ng'oma zake umangokhala munthu wodzola ufa. Uwapatse chogwira m'manja, asende nsawa kapena akonze wailesi yakufa. Uwauziretu amene apulumuke kumapeto, ngakhale iwe ukuona ngati kuwononga filimu. Sabata imene kwachitika maliro pafupi, usayerekeze n'komwe. Ndipo akati akukaona lole panja, uwalole apite, akabwera uwafunse ngati yakonzeka. Umu ndi mmene ndinawaphunzitsira amako, pang'onopang'ono, mpaka lero amakhala nane pa benchi Loweruka lililonse.

Ndalekeza kaye pamenepo chifukwa amako alowa kudzatenga mpeni, ndipo andiuza kuti ndiwawerengere zimene ndikulemba. Ndawerenga zonse. Pa tomato aseka, pa amalume ako agwira pakamwa. Koma pa mawu omalizawo aika mpeni pansi nati, “Mwalemba bodza. Simunandiphunzitse kanthu inu. Mafilimu anuwo sindiwakonda mpaka lero.”

Ndafunsa kuti nanga amakhaliranji pa benchi. Andiyang'ana ngati ndafunsa dzina lawo, kenako andikumbutsa tsiku limene ine ndinali nditaliiwala. Linali Loweruka, atangobwera kumene kuchokera ku Shikabeta. Lole inagwa pa phiri n'kutseka msewu, ndipo madalaivala ndi apaulendo onse anadzaza chisakasa mpaka ena kukhala pansi. Ndinaika filimu ina yoopsa kwambiri. Amako analowa kudzandipatsa tiyi, ndipo pofuna kutuluka anapeza khomo latsekeka ndi anthu, ndiye anangokhala pa nsonga ya benchi. Filimu itafika pakati penipeni, pamene aliyense wasiya kupuma, ndinatembenuka n'kuwaona atagwira benchi ndi manja onse awiri, maso ali pansi, milomo ikupemphera. Ndinadina batani, TV n'kuchita bii. Ndinauza anthu kuti deki yatafuna tepi. Anandinyoza, anandigenda ndi zitsononkho, wina anati ndisiye vidiyo ndikagulitse makala. Ndinawaikira ya nkhonya, theka la anthu linatuluka mokwiya, ndipo amako anatuluka nawo bwinobwino, popanda wowayang'ana.

“Deki sinatafune kanthu,” atero amako. “Ndinaiona tepiyo madzulo ake, inali yabwinobwino. Munalola kuti akutukwaneni inu, dzina langa osalitchula. Kuyambira tsiku limenelo ndimadziwa kuti ndikagwira benchi, muzimitsa. N'chifukwa chake ndimakhala. Lembani zimenezo, musiye za ng'ona zanuzo.” Atola mpeni wawo n'kubwerera kwa ophika. Zaka zonsezi ndimayesa ndine mphunzitsi.

Za ng'ona sindifufuta, poti ndalemba kale ndipo pepala latsala lochepa. Mwana wanga, ndidzakusowa. Palibenso wina m'Rufunsa muno amene ndingamugwedeze ndi chigongono mzukwa usanatuluke, iye n'kundibwezera. Koma ku Kabwe sukupita kukafuna wokhala naye pa benchi, ukupita kukamanga nyumba ndi munthu wabwino amene amaopa zimene iwe suopa. Mwina tsiku lina adzawakonda mafilimu ako, mwina sadzawakonda mpaka imvi, monga amako.

Tepi ija ndaisiya momwe unaiika, pansi pa zitenje. Ndiwe wamkulu tsopano, sindingakulande. Koma tsiku limene udzaiike mu deki, iwe usadzayang'ane TV, poti mkwatibwiyo ukumudziwa kale. Udzayang'ane manja a amuna ako. Ukadzaona agwira mpando, zimitsa, unene kuti deki yatafuna tepi, ndipo usadzauze munthu wina aliyense, ngakhale ine. Ndinakuuza kuti usawanamize, koma bodza limeneli lokha ndakuloleza.

Pita bwino, Mulungu akusungireni nyumba yanu.

Ndine atate ako.